Khitchini ya makabati pa ndalama zochepa: yambani ndi choko, kalipentala abwere pambuyo

Khitchini yanga yoyamba ya makabati inangokhala zaka ziwiri basi. Tsiku lina ndikutsegula chitseko cha pansi pa sinki kuti nditenge sopo, chitseko chonse chinangotsalira m'manja ndi mahinji ake omwe, kusuzumira mkatimo ndikupeza bolodi yatupa ngati buledi woviika mu tiyi, ukaigwira ikungonyenyeka, mphemvu nazo zitamangamo kale mudzi. Kampaipi kamadontha pang'onopang'ono kuseri ine osadziwa. Ndalama zomwe ndinkati ndapulumutsa pogula bolodi yotchipa zija ndinadzazilipira kawiri. Nde yachiwiriyi ndinaipanga mofatsa, ndipo zomwe ndilembe apazi ndi zomwe ndimalakalaka wina akanandiuza ndisanapereke dipoziti kwa munthu aliyense.

Chonde musayambire pa zithunzi za pa Facebook ndi Pinterest zija. Nzokongola inde, koma eni ake makhitchini amenewo savundula nsima ya anthu 8, alibe chidebe cha ufa cha malita 20, sasunga madzi m'zigubu poopa kuti mpopi uuma mawa, ndipo magetsi akathima sathamangira mbaula. Inuyo yambirani pa katundu amene muli naye kale. Tulutsani zonse muziyale pabalaza, mapoto onse mpaka chimpoto chija chimangotuluka pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe, ndowa za madzi, chidebe cha ufa woyera ndi cha mgaiwa, lichero, sefa, mabeseni, mafulasiki, mithiko ndi zipande, zikuluzikuluzo muziyeze ndi tepi. Amisiri ambiri anazolowera kuika shelefu pakati penipeni pa kabati iliyonse, nde chidebe cha ufa sichilowa, mapeto ake mwawononga ndalama zankhaninkhani koma ufa ukukhalabe pakona kuseri kwa chitseko ngati kale. Ine ndinasiya dala makabati awiri opanda shelefu, ina ya ufa ndi mpunga, ina ya ndowa ziwiri za madzi.

Mukatero yezani chipindacho nokha. Pulani ya nyumba musaidalire, zomwe zili papepala ndi zomwe anamanga abilidala nthawi zambiri sizifanana. Khoma lililonse muliyeze katatu, pansi, pakati ndi m'mwamba, mupeza manambala akusiyana ndi masentimita awiri olo atatu, inu mutenge yaing'onoyo. Kuti muone ngati kona ili sikweya, yezani masentimita 60 khoma limodzi kuchokera pakona, 80 khoma linalo, pakati pa madontho awiriwo pazikhala 100 ndendende. Zikapanda kukwana muwauziretu akalipentala asanadule kanthu. Lembaninso pomwe pali windo ndi kutalika kwake kuchokera pansi, mbali yomwe chitseko chimatsegukira, polowera paipi ya madzi, potulukira madzi oipa, masoketi ndi maswitchi onse.

Apa nde pofunika choko cha ana asukulu chija. Jambulani khitchini yonse pansi, pa simenti penipenipo, kabati iliyonse ndi saizi yake yeniyeni, furiji apa, sinki apa, cooker apa. Manambala oti muwasunge m'mutu ndi ochepa: makabati apansi amatalika masentimita 90 kuphatikiza topu yake, kuchoka kukhoma kubwera kutsogolo ndi 60, am'mwamba amatuluka 30 mpaka 35 kuti musamagunde mutu, ndipo pakati pa topu ndi kabati ya m'mwamba pazikhala mpata wa 50 mpaka 60 kuti ketulo ikwanepo. Podutsa anthu pasachepere mita imodzi, ikakhala 1.2 ndi bwino kwambiri. Mukajambula muziyendamo masiku awiri atatu ngati mukuphika, muyerekeze kutsegula furiji wina ali pa sinki, kuchotsa poto wotentha pamoto nkufuna pomuika, kulowa ndi ndowa ya madzi pamutu. Ife tinazindikira pa choko pomwepo kuti chitseko cha furiji chizimenya chitseko cha kukhonde, tinangofufuta ndi kansanza nkusuntha. Zikanakhala kuti mabolodi adulidwa kale bwenzi tikulira.

Nkhani ya 90 ija ndiikhalire pang'ono. Ngati muli ndi cooker yoima payokha ya mapuleti anayi palibe vuto, mungoisiyira mpata woposa saizi yake ndi masentimita awiri kapena atatu. Koma ambirife timaphikira pa hotplate kapena kachitofu ka gasi koika patebulo, nde taganizani, kabati 90, kachitofu kaonjezera 10 kapena kuposa, poto wa nsima pamwamba pake, mthiko wafika m'chifuwa. Nsima imafuna mphamvu yochokera m'mwamba, munthu uziuyang'anira pansi potoyo, apo ayi mapewa amawawa ndipo anthu amayamba kutsitsira poto pansi kuti avundule, zomwe nzoopsa pakhomo pa ana. Ine pamalo pophikirapo ndinatsitsa kufika 75 ndipo aliyense amene waphikapo m'nyumba muno amayamikira pomwepo. Yesani nokha ndi tebulo ndi njerwa mupeze mulingo wokuyanjani.

Za kaimidwe kake sinditayapo nthawi. Mzere umodzi wowongoka khoma limodzi ndiye wotchipitsitsa, kenako wa L. Kona iliyonse imadya bolodi ndi topu koma mkati mwake mumangotayika zivindikiro za mapoto. Chija cha pakati pa chipinda amati island chisiyeni kaye. Ndipo sinki ikhale pomwe pali mapaipi kale, makamaka pansi pa windo, chifukwa kuisuntha mamita awiri okha ndiye kuswa khoma, kukumba pansi, kugula mapaipi, kuitana pulambala kawiri.

Ntchito ziziyenda motsatana chonchi: wa magetsi ndi pulambala ayambe, kenako kumata ndi pulasitala momwe agumula, matailosi apansi ndi penti, makabati, topu ndi sinki, pomaliza matailosi a kukhoma. Mukasemphanitsa mudzaona munthu akugoba khoma ndi chizulo pamwamba pa kabati yatsopano, fumbi lili mbuu m'madirowa. Masoketi ikani ambiri pano khoma lisanatsekedwe, awiriawiri, pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa topu ndipo atalikire sinki ndi masentimita osachepera 30. Furiji ikhale ndi soketi yakeyake yomwe mungaikepo fridge guard, mukudziwa mmene magetsi amabwerera ndi ukali akathima. Cooker ya mapuleti anayi ndi uvuni imafuna waya wakewake wonenepa kuchokera pa DB, bokosi lija logawa magetsi m'nyumba, ndi switchi yake, musalole zoilumikiza pa soketi wamba, apa pezani munthu wa magetsi wa mapepala ake osati mnyamata wa pa neba amene "amadziwako". Komanso kumbukirani kuti masoketi athu ndi a mano atatu a sikweya aja pomwe katundu wambiri wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, bola kusintha pulagiyo kusiyana ndi kudzaza ma adaptor otchipa omwe amasungunuka ndi ketulo. Babu limodzi pakati pa denga silokwana, mukaima pa topu mumadzitchinga nokha nkumadula anyezi mu mdima, onjezani lina pamwamba pa sinki.

Tsopano pomwe pagona nkhani, matiriyo.

Makabati oyera osalala omwe mumawaona m'mashopu ambiri ndi a chipboard yokutidwa ndi melamine, bolodi yake nthawi zambiri imakhala mamilimita 2750 kwa 1830, kunenepa 16. Ndi utuchi ndi tizidutswa ta matabwa zomatidwa ndi guluu, pouma imakhala zaka zambiri bwinobwino ndipo sifuna penti, koma madzi akangolowa m'mphepete momwe anadula imatupa ndipo sibwereranso. Bolodi ina yotchedwa MDF ndi yosalala kwambiri, yabwino pa zitseko zopenta, koma nayo ndi madzi sizimwerana. Blockboard ndi plywood, zija za mafiti 4 kwa 8, zimagwira sikuluu bwino ndipo zimapirirako chinyezi, ndipo zina zimapangidwa konkuno, ku Chikangawa kuli fakitale ya Raiply, kungoti zimafuna kupala ndi sandipepa, penti kapena vanishi, nde leba imakwera. Matabwa enieni ngati paini ndi abwino pa mafelemu bola akhale ouma ndithu, a paini auwisi amapindika pakatha miyezi itatu chitseko nkumakana kutsekeka, ndipo apakidwe mankhwala a chiswe mbali zonse ndi kumbuyo komwe kosaoneka. Mlombwa ndi mbawa nzokongola koma pa bajeti yathuyi tingozionera kwa ena.

Maganizo anga ndi akuti musagule mtundu umodzi khitchini yonse. Ndalama ziikeni pomwe pamafika madzi ndi pa zinthu zomwe zimayenda tsiku ndi tsiku, kwinako tchipitsani mopanda manyazi. Kabati ya m'mwamba yosungira makapu ikhoza kukhala ya melamine wamba. Kabati ya sinki ayi. Ndipo chilichonse cha bolodi chisagunde pansi, ife timakolopa ndi madzi ambiri tsiku lililonse, nde muuze abilidala amange kachiunda ka simenti kotalika masentimita 10 kuti makabati akhale pamenepo, kalowe mkati pang'ono kuti zala za kumapazi zizipeza malo mukaima. M'mphepete monse mwa bolodi mutsekedwe ndi edging, ndi mosaoneka momwe, ya PVC yokhuthala ndiye yolimba, yopyapyala yomata ndi ayironi ija imayamba kusupuka pafupi ndi moto.

Njira yomwe ine ndinatsata ulendo wachiwiriwu, ndipo ndimaikonda kwambiri kwa munthu wa nyumba yakeyake, ndi yomanga ndi njerwa. Bilidala amamanga tizipupa ting'onoting'ono totuluka kukhoma, totalikirana mwina masentimita 90 mpaka mita imodzi, pamwamba nkuthira silabu ya konkire yonenepa masentimita 6 kapena 7 yokhala ndi zitsulo mkati, kenako matailosi pamwamba pake, kalipentala amangobwera kudzaika mafelemu, mashelefu ndi zitseko. Chiswe chilibe chodya, madzi alibe chotupitsa, poto wotentha mumangomutula osaopa. Koma pali zinthu zitatu zomwe anthu amalakwitsa. Sinki igulidwe silabu isanathiridwe kuti asiye bowo la saizi yake yeniyeni, kuswa konkire pambuyo kumang'ambitsa silabu yonse. Kutalika awerengere pamodzi ndi matailosi apansi ndi apamwamba omwe, apo ayi mupeza topu yafika 95 mayi a m'nyumba akutsuka mbale chonyang'ama. Ndipo silabuyo ithiriridwe madzi sabata yathunthu, matabwa oigwiriza pansi asachotsedwe masabata awiri asanathe olo abilidala akhale ndi changu chotani. Matailosi tengani a 60 kwa 60, limodzi limakwana topu yonse kuchoka kukhoma, mizere yolowa mafuta ndi nyenyeswa za ufa imachepa. Kuipa kwake nkwakuti ukamanga wamanga, sungadzasunthe, komanso tizipupa tija timadyako malo mkati, nde choko chija chigwire ntchito yake mokwanira.

Ngati konkire simukuifuna, pali topu ya postform, ija ya chipboard yonenepa yokutidwa ndi Formica, imabwera yotambalala 60 kale. Ndiyotchipa poyerekeza ndi granite ndipo imaoneka bwino, koma pomwe aboola kuti sinki ilowe apakepo vanishi kapena penti ya oyilo kawiri kenako silikoni kuzungulira konse, ndipo poto wochoka pamoto asamaterepo. Granite ndiye mfumu koma mtengo wake ndi wa mfumunso. Kanzeru kena, amene amasema ziliza ndi omwewo amadula granite, nde mukhoza kufunsa zidutswa zotsala nkuika pambali pa moto pokha. Ena zimawanyansa kumva za ziliza m'khitchini, ine ayi, mwala ndi mwala.

Sinki tengani ya stainless steel yolemerako, muigogode ndi chala m'shopu momwemo, ikamalira ngati chitini cha mafuta isiyeni. Ikhale yakuya yoti poto wa nsima alowe, ndipo mpopi ukhale wa khosi lalitali kuti ndowa yaing'ono kapena chimpoto zikwane pansi pake, kungoti muonetsetse kuti windo likutsegukabe. Mahinji ndi njanji za madirowa musatenge zotchipitsitsa, chitseko cha khitchini chimatsegulidwa kambirimbiri patsiku ndipo ana amachikoloweka thupi lonse. Madirowa amadula kuposa zitseko chifukwa amadya bolodi yambiri, njanji ndi leba, nde mzere umodzi wa madirowa atatu kapena anayi ndi wokwana, lam'mwamba la masipuni ndi mipeni, lina lalitali loti mthiko ugone. Zogwirira zitseko ndiye gulani zilizonse, mudzasintha chaka chamawa ndi sikuludiraiva nokha.

Makabati am'mwamba akhoza kudikira. Mashelefu awiri a thabwa lopaka vanishi amagwira ntchito yomweyo, kungoti fumbi la mu September ndi October lija lizikupatsani ntchito yopukuta, nde ikanipo zinthu zogwiritsa ntchito tsiku lililonse osati mbale za alendo. Matailosi a kukhoma nawo safunika kufika kudenga, mzere wa masentimita 60 pamwamba pa topu ndi wokwana, kwinako penti yochapika. Pogula onjezerani pang'ono pa zomwe mwawerengera, mwina bokosi limodzi pa mabokosi 10 aliwonse, chifukwa ena amasweka podula ndipo mukadzabwerera kushopu mwezi wamawa mudzapeza mtunduwo unatha.

Pa gasi pokha ndisaseke. Silinda isatsekeredwe mu kabati yopanda mpweya. Gasi wophikirayu ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka amatsikira pansi nkudzadza mu kabatimo mwakachetechete, nde malo abwino ndi panja mu kakhola ka zitsulo kokhoma ndi loko, paipi nkudutsa pakhoma, ndipo aike ndi munthu wodziwa za gasi. Zikakanika, kabati yakeyo ikhale ndi mabowo m'munsi ndipo musadutsemo waya wa magetsi. Mbaula nayo musaipangire malo mkati, utsi wa makala suoneka komanso sununkha koma umapha anthu m'nyumba zotseka. Ngati pali kandalama kotsala mangani kasilabu pakhonde la kuseri, nyemba, thobwa ndi kukazinga usipa zizichitikira konko, makabati anu sadzanunkha nsomba.

Ndiye za amisiri. Akalipentala aluso alipo ambiri, ku Mchesi, ku Ndirande, pafupifupi tauni iliyonse, koma wodziwa kukhoma bedi ndi sofa sikuti basi adziwanso makabati a khitchini, ndi luso lina lofuna levulo ndi kuleza mtima. Musakhutire ndi zithunzi za pa WhatsApp, ena amangotola pa intaneti. Muwauze kuti, achimwene, ndiperekezeni kunyumba yomwe munaika khitchini zaka ziwiri zapitazo, mukatsegule zitseko, mukoke madirowa, musuzumire pansi pa sinki, mufunse mayi a pakhomopo ngati mmisiriyo anamaliza pa nthawi yake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani makotesheni atatu pa chojambula chimodzimodzi, ndipo aliyense alembe matiriyo payokha leba payokha, mabolodi angati a mtundu wanji, mahinji angati, mamita angati a edging, transipoti ndi ya ndani. Amene wangolemba nambala imodzi yonenepa pansi pa pepala mubwezereni akaphwanye.

Matiriyo kagulenini limodzi, inu mulipire nokha kushopu ndi kusunga malisiti. Mashopu ena a mabolodi amadula ndi makina ndi kumata edging mukawapatsa mndandanda wa masaizi, zimatuluka zowongoka kuposa sowo ya pamanja ndipo zotsala zonse ndi zanu, zimapanga mashelefu. Zitseko zikhale za saizi imodzi kapena ziwiri basi, monga 45 ndi 60, bolodi siwonongeka yambiri. Leba perekani m'magawo atatu, koyamba pang'ono poyamba ntchito, kachiwiri mabokosi akaima m'nyumba mwanu, komaliza zonse zikatha. Ine kalipentala wa khitchini yoyamba ija ndinamupatsa zoposa theka tsiku loyamba chifukwa ankalankhula mwaulemu kwambiri, bwana bwana, kenako foni inayamba kusapezeka, mawa kuli maliro kumudzi, mkuja makina awonongeka, ntchito ya masabata awiri inatha miyezi itatu ife tikuphikira pabalaza. Mukamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba musafufute mamesejiwo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe olo pa WhatsApp pomwepo, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi ndani alipire bolodi ikadulidwa molakwika.

Bajeti yanu ikatuluka, patulani kaye gawo limodzi mwa magawo 10, olo kuposerapo, musaliwerengere nkomwe, limenelo ndi la zodzidzimutsa monga paipi yowola m'khoma ndi silikoni amene aliyense amaiwala. Mitengo sindilemba pano chifukwa pofika mwezi wamawa ikhala bodza. Mabolodi a melamine, mahinji, masinki, mipopi, zambiri zimachokera kunja, nde zimayendera kwacha, amene munali pakati pa ntchito mu November 2023 pomwe ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti mukukumbuka mmene makotesheni anasandukira mapepala wamba. Nde ndalama ya chipereganyu kapena ya banki m'khonde ikangotuluka, gulani zinthu zosawonongeka nkusunga pansi pa bedi, sinki, mpopi, mahinji, matailosi, masoketi. Simenti yokha musasunge nthawi yaitali, imauma m'thumba momwemo, mabolodi nawonso amapindika akatsamira khoma miyezi yambiri. Ndipo palibe lamulo loti zonse zithe mwezi umodzi. Ife tinayamba ndi mapaipi, magetsi, silabu ndi sinki, kutsogoloko tinapachika makatani a chitenje pa waya pafupifupi chaka chathunthu, zitseko zinabwera pambuyo, makabati am'mwamba mpaka pano awiri okha ndi omwe alipo ndipo palibe amene wagona ndi njala.

A nyumba za lendi, zomanga ndi njerwazi si zanu. Pangitsani makabati oima paokha, awiri kapena atatu a masentimita 90 kapena mita imodzi, a miyendo, oti mukawagundanitsa azioneka ngati chinthu chimodzi koma tsiku losamuka akwere lole limodzi ndi mabedi. Ngati mukufunadi zokhomera kukhoma, mugwirizane ndi alandilodi polemba kuti ndalamazo azidula ku lendi, zapakamwa zimaiwalika nyumba ikakongola.

Tsiku lomwe akalipentala anena kuti bwana tamaliza, musathamangire foni. Tsegulani chitseko chilichonse ndi kutseka, muone ngati mipata ya pakati pa zitseko ikufanana, kokani madirowa mpaka kumapeto, ikani botolo chogona pa topu muone ngati likugubuduka. Yendetsani chala m'mphepete mwa sinki ndi pomwe topu yakumana ndi khoma, pasakhale posowa silikoni, ndipo mabowo omwe mapaipi adutsira atsekedwe chifukwa ndiye msewu wa mphemvu ndi makoswe. Kenako tsekani sinki, mudzadze madzi mpaka pakamwa, muwatsegulire onse nthawi imodzi kawiri katatu, muyale nyuzipepala youma mu kabati ya pansi pake nkukagona. M'mawa mukaipeza ilibe kadontho olo kamodzi, atumizireni balansi yawo.